Kusamala Galimoto Yakale Kuti Isakusiyeni Panjira

M'makomo ambiri muli galimoto yomwe inaima tsiku lina osadzukanso. Matayala anaphwa kalekale, udzu unamera mozungulira, ndipo nkhuku zinapeza poikira mazira pampando wakumbuyo. Mukafunsa mwini wake amangoti, "Inakalamba imeneyo." Koma mukafunsitsa mumva nkhani ina. Inayamba ndi kudontha oyilo pang'ono, kenaka inawira kawiri paulendo wa kumaliro, kenaka batire linatha mwezi womwe ndalama zonse zinapita ku feteleza. Pomwe ankati aidzutse patatha chaka, n'kuti zonse zitagwirana dzimbiri.

Kabuku kano n'ka mabanja amene ali ndi galimoto ya zaka 30, 40 kapena kuposerapo, ndipo akufuna kuti izilira tsiku lililonse lomwe aifuna. Ndikunena magalimoto monga Peugeot 504, yomwe inatuluka ku France mu 1968 ndipo ankailumikizabe ku Kenya ndi ku Nigeria mpaka zaka za m'ma 2000; Land Rover Series III ya pakati pa 1971 ndi 1985; Volkswagen Beetle yooneka ngati kamba ija; Mercedes-Benz W123; Datsun 120Y; ndi kapikapu ka Nissan 1400 komwe ku South Africa anasiya kukapanga mu 2008. Ambiri mwa amenewa alibe kompyuta yokuuzani chomwe chavuta. Amadandaula ndi kaliridwe, fungo, utsi ndi madontho apansi, choncho amafuna mwini watcheru. Ubwino wake ndi wakuti zambiri zomwe amafuna mungazichite nokha pabwalo, ndi zida zochepa.

Yambani ndi kope

Musanagule sipanala, gulani kope la sukulu ndi cholembera, ndipo zizikhala m'galimoto momwemo. Ntchito iliyonse muzilemba: tsiku, makilomita omwe ali pa geji, ndi chomwe mwachita. Mutu umaiwala. Mudzalumbira kuti oyilo munasintha mwezi wathawu pamene papita miyezi 9. Ngati geji ya makilomita inafa, muziwerenga miyezi. Kopeli limathandizanso mayi, mwana kapena mlamu amene angatenge galimoto inu mulibe.

Funafunaninso buku la galimoto yanu, lija lonena miyezo ya kufakitale. Ambiri akupezeka pa intaneti. Manambala omwe ali muno ndi ofala pa magalimoto akale, koma buku la galimoto yanu likanena zina, mverani bukulo.

Zida zake si zambiri: masipanala kuyambira 8 mpaka 19, sipanala ya mapulagi, masikuludiraiva, pulayasi, feeler gauge yoyezera mipata ing'onoing'ono, pampu ya girizi, geji ya mpweya wa matayala, jeke, ndi zitsulo zochirikizira galimoto ikakwezedwa. Eni Land Rover yakale adziwe kuti mabawuti ake ambiri ndi a mainchesi. Sipanala ya mamilimita imangowadya m'mbali.

Loweruka m'mawa

Lachisanu madzulo yalani katoni pansi pa injini. M'mawa mwake muisolole n'kuiwerenga. Dontho lakuda kapena lofiirira ndi oyilo wa injini. Lolimba ngati uchi, lonunkha kwambiri, ndi oyilo wa giyabokosi kapena wa difu. Madzi obiriwira, ofiira kapena abuluu achokera ku rediyeta. Galimoto yakale kudontha pang'ono si zachilendo. Chofunika n'kudziwa madontho ake a masiku onse, kuti tsiku lomwe achuluka kapena asintha malo muzindikire msanga. Awiri okha ndi osayenera kuwalekerera ngakhale tsiku limodzi: petulo, ndi mafuta a mabuleki, omwe amaoneka atanyowetsa mkati mwa tayala.

Kenaka tsegulani boneti muone oyilo, madzi, mafuta a mabuleki, lamba wa fani ndi batire. Pimani mpweya m'matayala. Mwana aime kutsogolo ndi kumbuyo, azikuuzani ngati magetsi onse akuyaka. Zonsezi sizitha mphindi 15.

Oyilo

Galimoto iime pamalo osapendekeka, injini ili yozizira. Sololani kachitsulo koyezera oyilo, kapukuteni, kabwezereni mpaka kumapeto, kenaka kasololeninso. Oyilo akhale pakati pa zizindikiro ziwiri zija. Kupitiriza muyezo n'kulakwanso, chifukwa oyilo wochuluka amachita thovu ndipo amatulukira m'masilu.

Musamangoona kuchuluka kwake. Mupekeseni pakati pa zala, ndipo mumununkhize. Kuda kokha si vuto, oyilo amada akamagwira ntchito. Koma akaoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi akulowa, ndipo kawirikawiri gasiketi ya pamutu pa injini yapsa. Akamanunkha petulo n'kumachuluka yekha, pampu ya petulo yabooka mkati kapena kabuleta ikusefukira. Mukamva timchenga pakati pa zala, fumbi likudutsa pa sefa ya mpweya.

Injini zakale za petulo zimagwirizana ndi oyilo wolimbirapo, monga 20W-50. Oyilo wopyapyala wa magalimoto amakono, monga 5W-30, amapeza njira m'mipata yonse ya injini yomwe yayenda zaka zambiri, ndipo mudzangoona akutha. Ya dizilo igulireni oyilo wolembedwa kuti ndi wa dizilo. Sinthani pa makilomita 5,000 alionse, kapena pa miyezi 6 ngakhale galimoto isanayende mtunda umenewo, ndipo ngati mumakhala kumsewu wafumbi musadikire n'komwe kuti akwane. Pali chizolowezi chonena kuti, "Yanga imadya oyilo, ndimangowonjezera, ndiye amakhala watsopano nthawi zonse." Zimenezo n'zabodza. Zinyalala zimatsalira pansi n'kusanduka phala lomwe limatseka tinjira ta oyilo.

Posintha, lizani injini mphindi zochepa kuti oyilo afunde, muizimitse, ikani beseni pansi, masulani bawuti yotulutsira ndipo mudikire mpaka kudontha kutatha. Fyuluta isinthidwe nthawi yomweyo. Pakani oyilo pang'ono pa labala ya fyuluta yatsopano n'kuimanga ndi manja okha. Beetle ilibe fyuluta yotere. Ili ndi kasefa kawaya kofuna kutsuka nthawi iliyonse yosintha, ndipo imalowa malita 2.5 okha, choncho ikangochepa pang'ono ndiye kuti yachepa kwambiri. Gulani oyilo wa m'chigubu chomata. Wa m'mabotolo osalembedwa wa m'mbali mwa msewu simungadziwe kuti wachokera mu injini ya yani.

Getsi lofiira la oyilo likayaka muli paulendo, imani pomwepo n'kuzimitsa injini. Musati mufike kaye pasitolo ili patsogoloyo. Mphindi ziwiri zoyenda popanda oyilo n'zokwanira kuti injini inoke.

Oyilo wakutha musungeni m'chigubu chotseka. Asatayidwe kudimba, m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime, ndipo asapakidwe pa zilonda za ziweto.

Madzi ndi kuwira

Pano ndikhalitsapo, chifukwa kuno kwathu kuwira kwapha injini zambiri, ndipo ine ndinaziona ndi maso. Chaka china mu Okutobala ndinkayendetsa pikapu ya 504 ya bambo anga aang'ono, itanyamula matumba, kukwera chitunda chochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre. Paipi yapansi ya rediyeta inali itafufuma kwa miyezi ingapo. Tonse tinkaiona, tonse tinkati tidzasintha mwezi ukatha. Pakati pa chitunda muvi wa geji unakwera mpaka pofiira. M'malo moima ndinaumiriza kuti ndifike pamwamba. Mutu wa injini ya 504 ndi wa aluminiyamu, ndipo ukatentha kwambiri umapindika. Unapindikadi. Galimoto inakhala miyezi 4 osayenda, ndipo ndalama yokonzera ikanagula mapaipi okwanira mudzi wonse.

Choncho finyani mapaipi onse injini ili yozizira. Yabwino imakhala yolimba koma yobwerera. Yofewa ngati nthochi yakupsa, youma yong'aluka, kapena yofufuma pafupi ndi chomangira, ichotseni lero. Lamba wa fani mumudinikize ndi chala pakati: alowe pafupifupi sentimita imodzi. Wolefuka amalira ngati mluzu ndipo sazunguza bwino pampu ya madzi, pomwe wokungika kwambiri amadya mabering'i. Lamba wina wapadera azikhala m'galimoto nthawi zonse.

Madzi a pamjigo ndi a m'chitsime amasiya zoyera zija mumaziona m'ketulo, ndipo zimatseka timapaipi ta rediyeta chimodzimodzi. Gwiritsani ntchito madzi a mvula osefa bwino kapena madzi a batire, osakaniza ndi coolant monga alembera pachigubu. Ena amati coolant ndi wa kumayiko ozizira. Ntchito yake ina, yomwe ili yofunika kwa ife, n'kuletsa dzimbiri mkati mwa injini. Pa zaka 2 zilizonse tulutsani madzi onse, tsukani, thirani atsopano. Chotsaninso udzu, tizilombo ndi matope zomwe zimamatirira kutsogolo kwa rediyeta, pothira madzi kuchokera kumbali ya injini.

Chitsekero cha rediyeta chimaoneka chachabe, koma ndicho chimasunga mphamvu ya mpweya yomwe imachedwetsa madzi kuwira. Labala yake ikatha, gulani china cha nambala yomweyo. Za thermostat, amakaniko ambiri amangoichotsa n'kuitaya. Ine sindigwirizana nazo. Injini yopanda thermostat imachedwa kufunda m'mawa wa mu Juni, imamwa petulo wambiri ndipo imatha msanga. Ngati mukuikayikira, iikeni mu poto wa madzi pamoto. Yabwino imatseguka madzi asanawire. Ikakana, ikani yatsopano.

Injini ikawira panjira, patukani, zimitsani, tsegulani boneti ndipo mudikire mphindi 30 kapena kuposerapo. Musatsegule chitsekero ikadali yotentha, chifukwa madziwo amatumphuka n'kuwaula nkhope ndi manja. Musathirenso madzi ozizira mu injini yotentha, mungang'ambe chitsulo.

Beetle ilibe madzi, imazizira ndi mphepo ya fani, ndipo faniyo amazunguzidwa ndi lamba yemweyo wa jenereta. Getsi la jenereta likayaka mukuyenda, imani nthawi yomweyo muone lamba.

Fumbi ndi petulo

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, injini imapuma fumbi lokhalokha, ndipo fumbi likasakanizika ndi oyilo limapala mkati mwa injini ngati sandipepa. Land Rover, Beetle ndi ma 504 ambiri ali ndi sefa ya mpweya yokhala ndi oyilo pansi pake. Imeneyi ndi yabwino kwambiri kumalo afumbi, bola isamalidwe. Tsegulani, tayani oyilo wakale, palani matope omwe adikha pansi, tsukani mawaya ake ndi palafini, adonthe mpaka aume, kenaka thirani oyilo wa injini mpaka pamzere. Sefa ya pepala siitsukidwa. Igogodeni pang'ono n'kuiyang'anitsa kudzuwa. Ngati kuwala sikudutsa, yatha. Kuyenda opanda sefa, ngakhale sabata imodzi, n'kudzigulira mavuto.

Petulo wa masiku ano si yemwe magalimoto amenewa anabadwa akumwa. Ku Malawi, kuyambira 1982, petulo amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo mafakitale ake ali ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amaumitsa ndi kung'amba labala yakale, komanso amakoka chinyontho. Mapaipi a petulo alabala muziwapinda n'kuona ngati ali ndi ming'alu, ndipo osintha akhale olembedwa kuti ndi a petulo. Paipi ya madzi kapena ya pulasitiki wamba pamenepa ndi chiyambi cha moto. Ikani kafyuluta koonekera mkati pakati pa thanki ndi pampu, kuti dzimbiri la m'thanki muzilionera pomwepo lisanafike ku kabuleta.

Chinanso, petulo wa mtovu anasiya kugulitsidwa m'mayiko a kuno kum'mwera kwa Sahara pofika kumayambiriro kwa 2006. Zinathandiza thanzi la ana athu. Koma mtovuwo unkateteza pokhalira mavalavu mu injini zomwe mutu wake ndi wachitsulo, monga Land Rover ya petulo ya malita 2.25. Injini yotere ikamathamangitsidwa mtunda wautali, mavalavu amamira pang'onopang'ono ndipo mpata wake umatsekeka. N'chifukwa chake mipata ya mavalavu iyenera kuyezedwa kawirikawiri. Pa Beetle mpatawo ndi mamilimita 0.15 injini ili yozizira, ndipo uziyezedwa nthawi iliyonse yosintha oyilo. Kaphokoso kakang'ono ka mavalavu kasakudetseni nkhawa. Oopsa ndi amene angoti zii chifukwa chothina, poti amapsa.

Nthawi ya kusowa kwa mafuta, ambiri timagula petulo wa m'zigubu. Ngati simungachitire mwina, muthireni kaye pang'ono m'botolo loonekera n'kudikira. Madzi amadikha pansi. Sefani ndi nsalu yoyera pothira m'thanki.

Utsi nawo umanena zambiri. Wakuda ndiye kuti petulo wachuluka, mwina choki sinabwerere kapena sefa ya mpweya yatsekeka. Wabuluu ndi oyilo amene akupsa. Woyera wa m'mawa wotha msanga ndi nthunzi chabe, koma woyera wosatha, madzi a rediyeta n'kumachepa, ndi gasiketi.

Mawu amodzi pa kabuleta: musathamangire kuipotokola. Mavuto ambiri omwe anthu amanamizira kabuleta amakhala a moto.

Moto ndi batire

Mkati mwa distributor muli mapointi, tizitsulo tiwiri totseguka ndi kutseka tomwe timalamula nthawi yoti pulagi ithetheke. Amadyeka, ndipo mpata wake ukachepa galimoto imavuta kulira, imatsamwa pachitunda, ndipo imamwa petulo. Pa magalimoto ambiri mpatawo ndi mamilimita 0.4 pamene atseguka kotheratu. Yezani ndi feeler gauge, pakani kadontho ka girizi pomwe amakhulana ndi chozungulira, ndipo akapsa asintheni pamodzi ndi kondensa. Mapointi ndi kondensa zapadera zimakwana m'thumba la malaya, koma zapulumutsa anthu ambiri kugona patchire. Mukasintha mapointi, makaniko aone taimingi.

Mapulagi muziwachotsa imodziimodzi kuti mawaya asasokonekere, injini ili yozizira. Nsonga yofiirira ngati khofi wamkaka ndi yabwino. Yakuda youma ikunena kuti petulo wachuluka, yakuda yonyowa ikunena za oyilo, yoyera mbuu ikunena kuti injini ikutentha kwambiri. Mpata wake nthawi zambiri ndi mamilimita 0.6 mpaka 0.7. Pobwezera yambani ndi zala, sipanala ibwere kumapeto, chifukwa mazinga a mutu wa aluminiyamu sachedwa kuonongeka. M'nyengo ya mvula pukutani mkati mwa chivundikiro cha distributor. Chinyontho chochepa chabe chimalepheretsa galimoto kulira.

Batire lodzaza limaonetsa mavoti 12.6, ndipo injini ikamalira liyenera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Likapanda kufika, vuto ndi lamba kapena alternator. Ngati batire ndi lija lotsegula pamwamba, madzi aziphimba timbale ta mkati, ndipo muziwonjezera madzi a batire okha. Asidi sawonjezeredwa. Zoyera zomera pamitu pa batire zitsukeni ndi madzi ofunda osungunuliramo soda, muumitse, mumange zolimba n'kupaka girizi pang'ono. Pochotsa batire yambani ndi chingwe cholumikiza ku thupi la galimoto, ndipo pobwezera chimenecho chikhale chomaliza. Batire likhale lomangidwa pamalo pake, lisamadumphe m'mabampu.

Fyuzi ikapsa ikani ya nambala yomweyo. Ikapsanso, pali waya wosupuka penapake, mumufunefune. Kumanga kawaya kapena pepala lonyezimira la ndudu m'malo mwa fyuzi kwatenthetsa magalimoto ambiri. Chozimitsira moto chikhale pofikirika, osati pansi pa katundu.

Mabuleki ndi matayala

Injini ikafa mumangochedwa ulendo. Mabuleki akafa pamakhala maliro. Magalimoto ena akale kwambiri ali ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki, kotero paipi imodzi ikabooka matayala onse anayi amataya mabuleki nthawi imodzi. Mafuta akamatsika m'kabotolo kake, musangowonjezera, pezani pomwe akupita. Pondani buleki mwamphamvu kwa theka la mphindi galimoto itaima. Ikamamira pang'onopang'ono kapena kufewa ngati siponji, galimotoyo isatuluke pageti.

Mafuta a mabuleki, DOT 3 kapena DOT 4 malinga ndi buku lanu, amayamwa chinyontho cha mumpweya. Akakalamba amawira mukamatsika phiri lalitali, ndipo phazi limangofika pansi. Asintheni onse pa zaka 2 zilizonse. Musathiremo madzi a sopo kapena oyilo wa injini, yemwe amatupitsa ndi kuononga malabala onse. Potsika msewu wa pa phiri la Zomba, wa Chiweta, kapena wochokera ku Dedza kutsikira ku Golomoti, lowetsani giya yachiwiri injini izigwira galimoto. Kutsika pa nyutulo pofuna kusunga petulo n'kuika moyo wa banja lonse pachiswe.

Potsegula madiramu musauzire fumbi lake ndi pakamwa kapena ndi pampu. Zomangira mabuleki zakale zambiri zinali ndi asbestos, yemwe amaononga mapapo. Pukutani ndi nsanza yonyowa n'kuitaya.

Tayala limakalamba ngakhale mapanda ake akadali akuya. M'mbali mwake, kumapeto kwa malemba oyamba ndi DOT, muli manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Lomwe lapitirira zaka 6 muziliyang'anitsitsa ming'alu, ndipo la zaka 10 lichotsedwe. Manambala amenewa muziwaona makamaka pogula matayala akaunjika. Mpweya upimidwe matayala ali ozizira, ndipo la sipeya lisaiwalike. Tayala lodyeka mbali imodzi likunena kuti miyendo yapotoka. Gwirani tayala lokwezedwa pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likamagogoda, bering'i kapena majointi atha.

Kunsi kwa galimoto

Magalimoto akale ali ndi timabele tolowetsera girizi pa majointi a chiwongolero, pa miyendo ndi pa shafti. Tiwerengeni m'buku lanu, tipukuteni, ndipo mupope mpaka girizi watsopano atayamba kutuluka. Chitani zimenezi nthawi iliyonse yosintha oyilo, komanso mukawoloka madzi akuya. Oyilo wa giyabokosi ndi wa difu amaonedwa pomasula bawuti ya m'mbali: afike pakamwa pa bowolo. Land Rover ili ndi malo ambiri otere, kuphatikizapo mipira ya kumiyendo yakutsogolo, ndipo ambiri amafuna oyilo wa EP90.

Dzimbiri limayambira pomwe matope akhalitsa. Mvula ikatha mu Epulo, tsukani kunsi konse, makamaka m'makona a madigadi ndi mkati mwa chasisi. Tukulani makapeti muone ngati pansi pali ponyowa, ndipo tsegulani ndi kawaya timabowo totulutsa madzi pansi pa zitseko. Thupi la Land Rover ndi la aluminiyamu ndipo limanyenga, chifukwa limaoneka bwino pamene chasisi yachitsulo ikudyeka mkati. Igogodeni ndi hamala yaing'ono. Galimoto yochokera ku Britain iyang'anitsitseni kwambiri kunsi, popeza kumeneko amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu. Kadontho ka dzimbiri kapaleni mpaka chitsulo chiwale, pakani penti yoletsa dzimbiri, musadikire kuti kabooke.

Musalowe pansi pa galimoto yomwe yakhalira jeke yekha, kapena njerwa, zomwe zimaphwanyika mosachenjeza. Ikani zitsulo zochirikizira kapena zipika zolimba zamtengo pamalo olimba, tsekerani matayala ndi miyala, ndipo pakhale munthu pafupi. Musalizenso injini m'galaja yotseka. Utsi wake uli ndi mpweya wakupha wosanunkha. Pachifukwa chomwecho, ekizozi yobooka pansi pa mipando ikonzedwe msanga, makamaka ngati kumbuyo kumakhala ana.

Ikamakhala osayenda

Kukhala kumaononga galimoto yakale kuposa kuyenda. Masilu amauma, mabuleki amagwira, kilachi imamatirira, petulo amavunda mu kabuleta. Kuiliza mphindi 5 pabwalo sikuthandiza, kumangodzaza madzi mu ekizozi. Iyendetseni makilomita 15 kapena 20 pa masabata awiri alionse kuti itenthe bwinobwino. Ngati iima mwezi wathunthu, chotsani chingwe cha batire, wonjezerani mpweya m'matayala, masulani handibuleki n'kutsekera matayala ndi miyala. Ikhale pamthunzi wa denga. Pansi pa mtengo pamagwa utomoni, zipatso ndi zitosi, ndipo pepala lapulasitiki lofunditsa limasunga chinyontho. Musasungiremo chimanga kapena mtedza. Makoswe akalowa amadya mawaya ndi mipando, n'kumanga chisa mu sefa ya mpweya.

Makaniko ndi masipeya

Pali ntchito zomwe si zapabwalo: kutsegula mutu wa injini, kukonza mkati mwa giyabokosi, kuwotcherera chasisi, ndi mabuleki ngati simunaphunzitsidwe. Safunsa anadya phula. Funani makaniko amene anakulira pa magalimoto a kabuleta, chifukwa achinyamata ambiri aphunzira pa magalimoto a kompyuta. Mukamupeza mumusunge, muzimulipira bwino, ndipo muzikhala pomwepo akamagwira ntchito kuti muphunzire. Zitsulo zomwe wachotsa muzipempha kuti muzione.

Pogula sipeya tengani yakaleyo mukafanizire. Zitseko, magalasi ndi zitsulo zikuluzikulu mungagule zogwiritsidwapo kale. Koma za mabuleki, za chiwongolero, malabala ndi malamba zikhale zatsopano, ndipo yotchipa modabwitsa muikayikire. Masipeya a magalimoto amenewa akunka nasowa, choncho mukapeza mapointi, gasiketi kapena pampu ya madzi yeniyeni, gulani musunge. Masiku othera inshulansi ndi chiphaso cha COF alembeni patsamba loyamba la kope lija, ndipo galimoto muikonzeretu mwezi umodzi tsikulo lisanafike.

Amakaniko odziwa magalimoto amenewa akukalamba, ndipo ambiri akupita ndi nzeru zawo. Loweruka likudzali, musanapite kumsika, itanani mwana wanu, wamkazi kapena wamwamuna, mutsegule boneti limodzi. Iye asolole kachitsulo ka oyilo, afinye mapaipi, ndipo alembe yekha tsiku ndi makilomita patsamba loyamba la kope.